Kalata yotseguka kwa oyendetsa zipatala ku Mzuzu: mukatseka geti pa nthawi ya mliri, wodwazika matenda mumamuika pati?

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, akuluakulu oyendetsa zipatala za boma ndi za mishoni mumzinda wa Mzuzu, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo komanso makhansala,

Mabwana ndi madona, landirani moni wanga waulemu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mayi wa ku Chibavi, ndipo kumpingo kwathu ndili m'gulu la amayi oyendera odwala. Makomo a zipatala za mumzinda muno ndimawadziwa ngati munthu woima kunja kwa geti ndi kontena la phala m'manja. Ndasankha kulemba poyera chifukwa nkhaniyi si yanga ndekha. Imakambidwa pamaliro, pamsika ndi pasiteji ya kabaza, koma kumaofesi kwanu imafika itazizira kale.

Mitambo yayamba kusonkhana, ndipo aliyense amene anali kuno mu 2022 mtima wake uli m'mwamba. Kolera ya chaka chimenecho inayambira ku Machinga mu Marichi, ife a kumpoto n'kumaimvera pawailesi ngati nkhani ya kutali. Pofika mu Ogasiti inali itakwera ndi nyanja mpaka ku Nkhata Bay, ndipo sipanatenge nthawi kuti imveke ku Rumphi, ku Karonga ndi muno mu Mzuzu. Pa 5 Disembala 2022 boma linalengeza kuti mliriwo wafika posauzana, ndipo pomwe unkazilala, anthu oposa 59,000 anali atadwala, oposa 1,700 tinali titawaika m'manda. Izi zinatipeza mabala a Covid-19 asanapole. Kenaka mu Epulo 2025 ku Lilongwe kunapezeka nthenda ya zotupa pakhungu ya mpox, ndipo anzathu a ku Tanzania, amene timadutsana nawo pa Songwe tsiku ndi tsiku, alimbana ndi nthenda yoopsa yotayitsa magazi ya Marburg mu 2023 komanso mu 2025. Mliri wina ubweranso ndithu, n'chifukwa chake ndikulemba usanafike.

Mliri ukangogwa, chinthu choyamba chimene timaona ndi pepala lomatidwa pageti: ozonda odwala saloledwa, wodikirira akhale mmodzi kapena asakhalepo n'komwe, nthawi yolowera yachepetsedwa. Ndineneretu kuti lamulo lochepetsa anthu m'chipatala sindikulitsutsa. Chipatala chimatha kufalitsa matenda kuposa msika. Ku South Korea mu 2015, munthu mmodzi wochokera ku ulendo wa ku Middle East anabwera ndi nthenda ya MERS, anthu 186 n'kudwala, 38 n'kumwalira. Pafupifupi onsewo anaitengera m'zipatala, ndipo pakati pawo panali achibale odwazika ndi ozonda, chifukwa nakonso kumeneko banja limagona pambali pa wodwala monga timachitira ife. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, mwa odwala 100 ogonekedwa m'chipatala, 15 amatenga matenda ena momwemo. Choncho geti litsekeni pamene kuli koyenera. Dandaulo langa ndi lakuti pepala lija limathera pomwepo. Silinena kuti ntchito ya anthu mwawatulutsawo aigwira ndani, amene mwawasiya m'katiwo atetezedwa bwanji, kapena kuti ife a kunja timva bwanji za abale athu.

Zimene ndifotokoze ndinaziona ndi maso anga, zina zinagwera anthu oyandikana nane. Sinditchula dzina la chipatala kapena la wantchito aliyense, chifukwa sindifuna kuti munthu mmodzi asenze mlandu wa dongosolo lonse.

Choyamba, wodwazika matenda si mlendo. Wozonda amabwera masana ndi botolo la Sobo ndi nthochi, kupemphera, kucheza pang'ono, n'kumapita. Ozondafe mukhoza kutibweza pa nthawi ya mliri, wodwala safa nazo. Wodwazika, amene anamwino amangoti gadiyani, ndi munthu wina. Iyeyu ndiye amadzutsa wodwala n'kumumwetsa phala ndi supuni, kumutembenuza kuti asachite zilonda za pamsana, kumuika pa poti, kukataya, kuchapa zofunda, kumusambitsa m'bandakucha madokotala asanayambe kuyendera odwala. Ndiye amayang'anira botolo la dripi n'kuthamangira kwa namwino likatha, kapena magazi akayamba kubwerera m'kapaipi. Usiku, namwino akatsala yekha kapena awiri pa wodi yodzaza mpaka ena kugona pansi, amene amazindikira msanga kuti wodwala wa pakona wasiya kupuma bwino ndi gadiyani wogona pa chitenje kunsi kwa bedi loyandikana nalo. Si ife tinakonza kuti zizikhala chomwechi. Ndi kuchepa kwa antchito, kumene eni akenu mumakudziwa kuposa ine.

Pa nthawi ya Covid-19, bambo wina wachikulire wa m'dera lathu, amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, anagonekedwa pa chipatala china cha mumzinda muno. Covid analibe. Akazi awo anauzidwa kuti atuluke malinga ndi lamulo latsopano, azingobweretsa chakudya pageti. Chakudyacho chinkalowa ndithu, n'kukaikidwa pa kabati ya pambali pa bedi. Koma munthu amene dzanja lake lamanja silinyamuka, kumeza nakonso kukumuvuta, achita nalo chiyani kontena lotsekedwa mothina? Mayiwo atapeza mpata wolowa, anapeza makontena atandandalikana, nsima itauma gwa, ndiwo zitachita thovu, amuna awo milomo itang'ambika ndi ludzu, khungu la pamsana litayamba kusupuka. Palibe namwino anawachitira nkhanza. Anamwinowo analipo ochepa, ndipo ankathamangira odwala amene mpweya unkawathera. Koma lamulo lomwe linabwera kudzateteza bambowa ndi lomwe linawasiya ndi njala ndi zilonda, ndipo anatuluka m'chipatalamo ali ofooka kuposa mmene analowera.

Alipo odwala amene kuwachotsera wodwazika ndi kuwaika pa ngozi yoposa mliriwo: mwana wamng'ono, gogo wosokonezeka mutu amene amadzuka usiku kufuna kubwerera kumudzi, munthu wosaona kapena wosamva, wochokera ku opareshoni, mayi amene matenda ayamba ndipo akutaya magazi. WHO yomweyo inalangiza kuti mayi ndi khanda lake asalekanitsidwe ngakhale mayiyo atapezeka ndi Covid-19, ndipo mwana wodwala kolera amayenera kupitiriza kuyamwa. Pepala la mzere umodzi silingasiyanitse anthu onsewa.

Chachiwiri, ndipo apa ndichedwapo, amene mwamulola kulowa mumamulowetsa chimanjamanja. Amene analowapo mu tenti ya kolera akudziwa mmene mumakhalira: bedi la chibowo pakati, ndowa kunsi kwake, ndowa ina pambali yosanziramo, madzi otuwa ngati otsukira mpunga akungotuluka osalekeza. Ndowazo zikadzaza amanyamula ndani? Mu 2022 ndinaona mtsikana wodwazika mayi ake atanyamula ndowa yotereyi wopanda magolovesi, kumapazi kuli patapata, nsonga ya chitenje ikukhudza m'mphepete mwa ndowa. Atabwerako anaima pa chigubu cha madzi a klorini chomwe chinali pakhomo, n'kutsegula kampopi, osatuluka ngakhale dontho. Anapukuta manja pa chitenje chomwecho n'kulunjika kokaphika. Mwanayu sanali wauve. Anayesetsa, koma chigubu chinali chouma ndipo panalibe woti amufunse.

Chondipweteka mtima n'chakuti malangizo ake ndi odziwika ndipo si okwera mtengo. Madzi a klorini osamba m'manja amakhala a mphamvu ya 0.05 peresenti. Otsukira pansi, mabedi ndi zovala ndi a 0.2 peresenti. Othira m'chimbudzi cha wodwala, m'masanzi ndi pokonza mtembo ndi a 2 peresenti. Zidebe zitatu zosiyana mitundu, zolembedwa m'chilankhulo chimene anthu amamva, ndi wantchito mmodzi woonetsa gadiyani aliyense watsopano kagwiritsidwe kake, zingapulumutse mabanja ambiri. Kumbukiraninso kuti anthu ambiri amene tizilombo ta kolera talowa m'thupi mwawo sadwala n'komwe, koma amatitulutsa m'chimbudzi kwa masiku angapo, mwina mpaka 10. Gadiyani wooneka wathanzi uja akatuluka geti kukagula makala ndi tomato, kapena akakwera kabaza kukaona ana ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, kumene anthu ambiri amamwa madzi a pa zitsime zosazama, mliri wapita naye. Mwabweza ife ozonda khumi pageti, koma mwatulutsa matendawo kudzera mwa munthu mmodzi amene simunamupatse sopo.

Ndiyeno pitani kuseri, ku shelita ya magadiyani, kumene alendo olemekezeka saonetsedwa akabwera kudzayendera chipatala. Amayi amaphika pa mafuwa oyandikana, kubwerekana mapoto, zipande ndi mchere. Mpopi ndi umodzi, ndipo madzi akasiya amakatunga kulikonse angawapeze. Chimbudzi chikadzaza, anthu amazembera kuseri kwa mpanda kukada. Wodwazika wa ku wodi ya TB, wa ku tenti ya kolera ndi wa kwa amayi oyembekezera amagona mogundana misana, ndipo chakudya chophikidwa pamenepo ndi chomwe chimalowa m'mawodi onse. Ngati pali malo amene mliri ungadumphire kuchoka pa wodi ina kupita pa ina popanda mlonda woufunsa, ndi pamenepa.

Chachitatu ndi pageti penipenipo. Mukatseka geti anthu sabwerera kwawo, amangounjikana kunja. Nthawi ya chakudya ikakwana mumakhala kukankhana, aliyense kufuula dzina la wodwala wake, makontena akudutsa m'manja mwa anthu osawerengeka asanafike pa bedi. Khamu lomwe munkaliopa m'wodi mwangolisamutsira pamsewu, ndipo kumeneko kulibe ngakhale madzi osamba m'manja, chifukwa ndowa ya pageti imadzazidwa sabata zoyamba zokha mliri ukadali m'nyuzipepala. Mlonda ndiye amasanduka woweruza wa zonse. Sanauzidwe kuti wodwala wa pa bedi liti ali kayakaya, alibe mndandanda, nthawi zina alibe ndi masiki yomwe, koma ndiye amalandira zitonzo zathu zonse. Poti lamulo silinalembedwe bwino, limasintha malinga ndi amene ali pa ntchito tsikulo, ndiponso malinga ndi maonekedwe a wopempha. Wobwera pa galimoto atavala jekete amalowa, mayi wa chitenje chong'ambika wochokera ku Mpherembe amabwezedwa. Anthu akaona zimenezi amaleka kukhulupirira kuti lamulolo ndi la matenda, ndiye amayamba kufufuza pa mpanda pomwe pali chibowo, kapena kukonza kangachepe.

Chachinayi ndi kusowa kwa uthenga. Odwala ambiri ogonekedwa muno si a mu Mzuzu. Chigawo chonse cha kumpoto chili ndi chipatala chachikulu chimodzi chotumizirako matenda ovuta, choncho anthu amabwera kuchokera ku Chitipa, ku Karonga, ku Rumphi, ku Mzimba, ku Nkhata Bay, ena kuwoloka nyanja kuchokera ku Likoma. Munthu wagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti, wafika pageti, akuuzidwa kuti salowa. Mumzinda muno alibe mbale. Agona kuti? Afunsa ndani ngati mwana wake wadzuka? Ndinakhalapo pansi pa mtengo ndi mayi wina amene anazindikira kuti mchemwali wake watisiya poona gadiyani mnzake akutuluka ndi chikwama cha malemuyo. Palibe wa chipatala anamuitana kukamukhazika pansi. Pepala la pageti nalonso nthawi zambiri limakhala m'Chingerezi, pomwe oliwerengawo amalankhula Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde, Chilambya ndi Chichewa, ndipo ena sadziwa kuwerenga n'komwe.

Mabwana, pamene chipatala chakhala chete, mphekesera ndi zomwe zimalankhula. Tonse tikukumbukira zimene zinkayenda pa WhatsApp mu 2021, zoti ukalowa ku tenti ya Covid akakubaya jekeseni yokumaliza. Anthu anabisa odwala m'nyumba mpaka kufika nawo kuchipatala mpweya utatheratu. Kumayambiriro kwa 2023 ku Balaka anthu anaphwanya chipatala chaching'ono cha Nandumbo chifukwa cha mphekesera za kolera. Zimenezo n'zolakwika ndipo sindiziikira kumbuyo ngakhale pang'ono, koma mphekesera zotere zimakula msanga pomwe mbale walowa akuyenda, osamvekanso, kenaka n'kutuluka ali m'thumba lapulasitiki. Kolera ikathandizidwa msanga ndi Thanzi ORS kapena dripi, omwalira safika ngakhale mmodzi pa odwala 100. Mu mliri wathu uja anali pafupifupi atatu pa 100 aliwonse. Munthu woopa chipatala amachedwa kubwera, ndipo kolera imapha m'maola ochepa.

Chachisanu ndingochikhudza. Pamzere wokaonana ndi dokotala, wotsokomola, wotsekula m'mimba, mayi wapakati ndi khanda la sabata imodzi amakhala pa benchi imodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mu Juni ndi Julayi, chisanu cha Mzuzu chikafika pachimake, mawindo a m'mawodi amatsekedwa onse chifukwa mabulangete ndi osakwana, ndipo mpweya wa TB ndi chimfine umangozungulira momwemo usiku wonse. Izi sizichitika chifukwa cha alendo.

Chachisanu ndi chimodzi ndi imfa. Kwathu kuno munthu safa yekha. Amasiya mawu, amapempha madzi, amafuna abusa, ansembe kapena a shehe. Mabanja amene abale awo anamwalira kuseri kwa tenti popanda wowagwira dzanja akulira mpaka lero, ndipo ena amakayikirabe ngati anaika munthu woyenera, chifukwa nkhope sanaione. Ndikudziwa kuti mtembo wa kolera kapena wa matenda onga Marburg ndi woopsa, suyenera kusambitsidwa ndi achibale kapena kugona m'nyumba, ndipo pa maliro otere sipayenera kuphikidwa chakudya. Zimenezo tazimva ndipo tikuzivomera. Koma kuona nkhope uli chapatali, osakhudza, sikupatsira munthu matenda. Wachibale mmodzi wovekedwa zodzitetezera akhoza kuima pambali pa bedi la munthu amene akutsirizika. Ndime 19 ya malamulo oyendetsera dziko lino imati ulemu wa munthu sungaphwanyidwe, ndipo ndimeyo siimitsidwa mliri ukagwa.

Ndisaiwale anamwino, madokotala, okolopa m'mawodi, alonda ndi alangizi a zaumoyo. Ndawaona akugwira ntchito usana ndi usiku maso ali psu, ena akugula magolovesi ndi ndalama za m'thumba mwawo. Mu Epulo 2020 antchito a zaumoyo m'dziko muno ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera, ndipo anali ndi mfundo. Namwino wopanda magolovesi okwanira amagwira odwala angapo ndi peyala imodzi, ndiye iye mwini, mosafuna, amasanduka mlatho wa matenda. Tikamapempha sopo ndi klorini timauzidwa kuti ndalama palibe, koma Amalawi sanaiwale nkhani ya K6.2 biliyoni ya Covid-19, imene kafukufuku wa boma lomwe anapeza kuti gawo lina linathera m'maalawansi ndi m'kagulidwe kosatsata malamulo. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa, ife tili pomwepo, analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Aphungu athu, lonjezo limenelo muzilikumbutsa m'Nyumba ya Malamulo, chifukwa likapanda kukwaniritsidwa mapeto ake ndi chigubu chouma pakhomo pa tenti.

Nafenso a kunja tili ndi mbali yathu, ndipo ndikulankhula kwa amayi anzanga a Umanyano, a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika ndi magulu onse. Chizolowezi chathu cholowa m'wodi gulu lonse, kuimba, kugwira wodwala aliyense chanza kuchoka pa bedi lina kupita pa lina, n'chachikondi, koma pa nthawi ya mliri chiyenera kuima. Tikhoza kupempherera kunja, n'kusonkha sopo, ndowa, makala ndi ufa za magadiyani ochokera kutali. Tikhozanso kuleka kutukwana mlonda. Ife tikachita zimenezo, inu chitani izi:

1. Lembani ndondomeko ya kazondedwe ndi kadwazikidwe ka odwala pa nthawi ya mliri panopa, mliri usanagwe, mogwirizana ndi makomiti a zipatala, mafumu a m'mabuloko, a mipingo ndi a mizikiti. Isiyanitse wozonda ndi wodwazika, isiyanitsenso matenda, chifukwa kolera yoyenda m'madzi ndi m'chakudya sitetezedwa mofanana ndi matenda oyenda mu mpweya kapena opatsirana pokhudzana.

2. Wodwala aliyense amene sangathe kudzidyetsa, kudzitembenuza kapena kudzilankhulira akhale ndi wodwazika mmodzi wokhazikika, wolembedwa m'kaundula wa wodi ndi wopatsidwa kakhadi kolowera. Pomwe nthendayo ndi yoopsa kwambiri moti wachibale sangaloledwe, chipatala chitchule wantchito amene adyetse ndi kusambitsa wodwalayo, ndipo zilembedwe m'faelo yake kuti wadya kapena sanadye.

3. Wodwazika asanalowe m'wodi ya matenda opatsirana, aphunzitsidwe kusamba m'manja ndi kataidwe ka zonyansa, apatsidwe magolovesi, masiki ndi epuloni malinga ndi nthendayo. Katemera akapezeka, monga wa kolera wakumwa uja, odwazika akhale m'gulu loyamba pamodzi ndi antchito. Potuluka auzidwe zizindikiro zoti aziyang'anira, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa kudera kwawo adziwitsidwe.

4. Shelita ya magadiyani iwerengedwe ngati gawo la chipatala. Ikhale ndi thanki ya madzi yosungira, zimbudzi zopopedwa pa nthawi yake, sopo, ndi malo apadera ogona ndi ophikira a odwazika ochokera ku mawodi a matenda opatsirana. A khonsolo ya mzinda, apa ndi panu, pamodzi ndi ukhondo wa ogulitsa zakudya kunja kwa mageti.

5. Pageti pakhale wantchito wa zaumoyo wothandizana ndi mlonda, tebulo lolandirira chakudya cholembedwa dzina ndi wodi, ndi madzi ndi sopo zosatha. Lamulo likhale limodzi kwa wa jekete ndi wa chitenje.

6. Banja lililonse lizilandira uthenga wa wodwala wawo kamodzi pa tsiku, pa nthawi yodziwika. Wodi iliyonse yotsekedwa ikhale ndi foni yoyankhidwa, ndi pochajira mafoni a odwala. Wodwala akafooka kwambiri, achibale aitanidwe asanatsirizike. Uthenga wa imfa uperekedwe ndi namwino kapena dokotala, pamalo pobisika, munthu atakhala pansi.

7. Wachibale mmodzi ndi mtsogoleri wachipembedzo aloledwe kutsanzikana ndi wodwala amene ali kayakaya atavala zodzitetezera, ndipo banja lione nkhope ya malemu thumba lisanatsekedwe.

8. Otsokomola ndi otsekula m'mimba azipatulidwa pakhomo pomwe, asanakhale pa benchi ya onse. Gulani mabulangete kuti mawindo azitsegulidwa.

9. Zidziwitso zilembedwe m'Chitumbuka, m'Chichewa ndi m'Chitonga, zikhale ndi zithunzi, ndipo ziulutsidwe pa Voice of Livingstonia, Radio Tigabane ndi mawailesi ena omveka m'maboma a kumpoto, kuti munthu wa ku Chitipa adziwe lamulo asanagulitse mbuzi yake. Chidziwitsocho chinene chifukwa chotsekera ndi tsiku lomwe lamulo lidzaunikidwenso, chifukwa taona malamulo a mliri akutsalira pageti mliriwo utatha kalekale. Ogwira ntchito ku Chipatala cha pa Foni nawonso akhale ndi uthenga womwewo.

10. Dzina la ofesi ndi nambala ya Ombudsman wa pa chipatala, amene amalandira madandaulo a anthu, zimatidwe kunja kwa geti, kumene kuli anthu obwezedwawo, osati m'kati mokha momwe sakufikamo. Mliri ukatha, tiuzeni poyera kuti ndi antchito angati, odwazika angati ndi odwala angati amene anatengera nthendayo m'chipatala momwemo, komanso ndalama zinayenda bwanji. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo tidzafunsa pogwiritsa ntchito lomwelo.

Zina mwa izi zikufuna ndalama, makamaka thanki ya madzi, zimbudzi ndi antchito owonjezera, ndipo ndikudziwa kuti sizingatheke tsiku limodzi. Koma kaundula wa odwazika, kakhadi kolowera, tebulo la chakudya pageti, chidziwitso cha m'Chitumbuka ndi nthawi yopereka uthenga kwa mabanja zingayambe mwezi uno ndi zipangizo zomwe muli nazo kale. Ndikupempha kuti mkulu wa chipatala chilichonse mumzinda muno aitanitse komiti yake ya chipatala mvula isanakhazikike, ayende nayo mpaka ku shelita ya magadiyani, ndipo atiyankhe pa wailesi kuti pa mfundo khumizi ndi ziti achita ndi liti. Ife a magulu oyendera odwala mukatiitana ku zokambiranazo tibwera, ndipo tibwera ndi amayi amene anadwazikapo mu tenti ya kolera kuti adzalankhule okha.

Ine wanu mwaulemu,

Mayi woyendera odwala,
Chibavi, Mzuzu